Vinyo wa Bwana Matiyasi

Nkhani yoti Lastone Zulu ndiye alowe m'malo mwa mzungu inafika ku Nangongwe, komboni ya m'tauni ya Kafue, mwiniwake asanaweruke n'komwe. Masiku amenewo Kafue anali pa liwiro. Dziko linali litangoyamba kudzilamulira, mafakitale ankamera kutsidya kwa njanji, ili la feteleza, ilo la nsalu, ndipo wailesi inkanena m'mawa ndi madzulo kuti maudindo a azungu apite m'manja mwa eni dziko. Kunena kunali kosavuta. Vuto linali loti mpando wa woyang'anira makina unali umodzi, oufuna ambiri, ndipo Mainess, mkazi wa Lastone, sanali mwana. Anzake akumululutira pa mpopi, iye ankayang'ana amene sakululuta.

Amene mpandowo unamuphonya anali Gordon. Munthuyu anayamba ntchito pafakitale ya feteleza maziko akukumbidwa, Lastone adakali kalaliki pa sitesheni ya sitima, ndipo aliyense ankayesa kuti udindowo ndi wake. Atamva, anabwera yekha kunyumba kudzagwira Lastone chanza, mano onse pamtunda, nakana mpando, nakana ndi madzi omwe. Mainess anamuperekeza ndi maso mpaka anakhota pa golosale. Munthu wolandidwa chake amatukwana, kapena amagona ndi mutu masiku angapo. Uyu ankaseka, ndipo kusekako kunamuchititsa Mainess nthumanzi.

Mzungu wochokayo anthu ankamutcha Bwana Matiyasi. Anali injiniya wa ku dziko lina lozizira la ku Ulaya, wamtali, wosakwatira, wolankhula Chinyanja chothyokathyoka chimene anatola pa makina. Chaka chimenecho chiwindi chinamuvuta, maso anachita chikasu, thupi linatha, madokotala nati abwerere kwawo. Asanapite anaitana Lastone ndi mkazi wake kuti akadye naye Lamulungu masana. Anati ali ndi mabotolo awiri a vinyo wa m'munda wa bambo ake, wina woyera wina wofiira, amene anawasunga chibwerereni, ndipo sakufuna kuwasenzanso pobwerera.

Lastone anafika nayo nkhaniyi akumwetulira ngati wakwatira kachiwiri, ndipo Mainess anayamba kuganiza za diresi. Zinasokonekera Lachisanu, pamene Winfrida, mayi wogulitsa nsomba za ku Chanyanya, anaimika njinga pakhomo. Winfrida ankalowa m'makhitchini onse a kumayadi, ndipo ankatulukamo dengu litapepuka, mutu utalemera.

"Namvela muyenda kukadya kwa muzungu," anatero akusankha mpende m'dengu. "Muziba wamene aphika kuja? Ni ba Goodwell, bapongozi bake Gordon. Ine sininakambe chilichonse, nigulisa chabe nsomba."

Anakwera njinga yake napita, kumusiya Mainess nsomba m'manja, mutu ukulumikiza zinthu. Kodi matenda a mzunguyo anachokera kuti? Chaka chatha chomwechi munthuyo ankanyamula zitsulo limodzi ndi anyamata. Amamuphikira ndani? Mzungu akachoka mpando umatseguka, ndipo wophikayo ali ndi mkamwini woufuna. Tsopano mpando watsegukadi, koma wakhalapo wina. Kwa Mainess zinali zoonekeratu kuti ntchito ya ba Goodwell inali itafika pakati chabe.

Mainess anakulira m'komboni ya njanji. Makolo ake anachokera ku Katete kutsata ntchito ya sitima, ndipo mayi ake ankafulula mowa kuseri kwa nyumba. Lamulo loyamba limene Mainess anaphunzira, asanadziwe ndi kusinja komwe, linali loti wopereka chakumwa ndiye amayamba kumwa. Amatunga, amamwa anthu akuona, kenaka n'kupereka chipanda, ndipo amati wachotsa ufiti. Ngakhale munkoyo wa ana umayenda chomwecho. Chakudya sichinamudetse nkhawa kwenikweni, poti mbale imodzi onse amapisamo dzanja. Chakumwa ndicho chimathiridwa munthu payekha.

Loweruka madzulo, Lastone akupukuta nsapato pakhonde, Mainess anamuuza zonse. Mwamunayo anaseka mpaka bulashi inagwa. Anali munthu wa sukulu yamadzulo, woti ngakhale pobwebweta m'tulo ankasakaniza Chingerezi, ndipo anati zimenezo n'zakumudzi, kuno n'kutauni, dziko lapita patsogolo, nanga mzungu mankhwala achikuda angawadziwire kuti.

"Sinikamba muzungu, bashi Febby. Nikamba manja yamene yazasegula botolo." Ankaitanana ndi dzina la mwana wawo, Febby.

"Amake Febby, osanichitisa nsoni mailo. Ba Matiyasi bakalibe kukamba mau yosiliza kuli mabwana ba ku Lusaka. Chilichonse bazatipasa, tizalandila na manja yabili."

Anatola bulashi napitiriza. Mtima wa Mainess sunakhale pansi. Mwamuna ameneyu anamukonda kuyambira ali ndi buluku limodzi lolichapa usiku n'kulivala m'mawa lisanaume, ndipo nyumba ya magetsi imene inkabwera ndi udindowo sanaione phindu ngati mwini wake akagone kumanda. Anatsimikiza mumtima kuti chilichonse chichitike, chochokera m'mabotolo amenewo sichilowa m'kamwa mwa Lastone.

Za vinyo Mainess ankadziyesa katswiri, poti anamulawapo kamodzi pa ukwati wa msuweni wake ku Kabwe. Anali vinyo wa ku Joni, wakuda bii, wotsekemera ngati manyuchi, wolemera pa lilime, ndipo dontho limene linagwera pa bulauzi silinachoke mpaka bulauziyo inasanduka chopukutira. Kwa iye vinyo anali ameneyo. Chilichonse chosiyana naye chinali ndi mlandu woti chiyankhe.

M'mawa mwake anamudyetsa Lastone nshima ya dzulo yokazinga ndi mazira, kuti chilichonse chikalowa chikapeze m'mimba muli kale anthu. Atatuluka m'tchalitchi anasiya Febby kwa aneba nauyamba wapansi. Dzuwa la Okutobala linali litakwiya, utsi wa fakitale utagona pamwamba pa tauni, Lastone m'suti yake thukuta lili kamukamu. Anadutsa njanji, nalowa m'misewu ya kumayadi, kumene agalu ankauwa mwaulesi kuseri kwa mipanda ya maluwa.

Anawalandira ba Goodwell, mkulu wa imvi, yunifolomu yoyera mbee, kansalu paphewa. Anawomba m'manja, nafunsa za kunyumba, nayamikira Lastone pa udindo wake, ulemu wochuluka mpaka kutayikira. Mainess anayankha moni maso ali kwina. M'nyumbamo katundu anali atalongedwa kale m'mabokosi, makoma ali mbee, koma pa kabati ya m'chipinda chodyera panali botolo, lotsegula kale, chotsekera chake chili pambali. Anafunsa motsitsa mawu kuti watsegula ndani.

"Ndine, mayo, kuseni. Bwana bakamba ati vinyo ifunika kupuma."

Mainess anagwedeza mutu. Anali ataonapo ng'ombe ikupuma, munthu akupuma, ngakhale sitima ikupuma pa sitesheni, koma botolo ayi. Chiyambire m'mawa pakamwa pake pali poyera, m'nyumba muli mkuluyu yekha ndi mzungu wodwala.

Bwana Matiyasi anatuluka akugwira khoma, malaya akumulendewera. Anawapatsa moni m'Chinyanja chake chija, nawakhazika patebulo, nayamba kusimba za ulendo wa mabotolowo, Lastone akumasulira. Anati anayenda pa sitima yapamadzi, kenaka pa lole kuchokera ku Dar es Salaam atakulungidwa m'masokosi, ndipo atafika kuno anawagoneka pa simenti kunsi kwa bedi, atafunditsidwa masaka. Vinyo wobadwira kozizira kutentha kwa Kafue kukanamupha, choncho ba Goodwell ndiwo ankanyowetsa masakawo tsiku ndi tsiku. Mzunguyo ankanena moyamikira. Mainess anamvapo chimodzi chokha, choti mkuluyo wakhala akugwira mabotolowo zaka zonsezi popanda womuona.

Nsomba inabwera m'mbale imodzi. Mainess anaponda nsapato ya mwamuna wake pansi pa tebulo, osachotsa phazi mpaka ataona mzungu watenga, watafuna, wameza. Pamenepo anamumasula.

Kenaka ba Goodwell analowa ndi botolo lina, la vinyo woyera, lochokera mu filiji, lokulungidwa m'nsalu ngati khanda, nalonso lotsegula kale. Anapukuta matambula a mwendo umodzi ndi kansalu ka paphewa kaja, ndipo ya Lastone anaipukuta nthawi yaitali. Mzungu analandira botolo, naimirira movutikira, nathira pang'ono, pansi pokha, m'tambula ya Lastone. Ya Mainess anaidumpha. Ya mzunguyo inali ndi madzi. Anangoima chomwecho botolo m'manja, maso achikasuwo ali pakamwa pa Lastone, kudikira.

Kwawo kwa mzunguyo umenewo unali ulemu, woti mlendo wolemekezeka ndiye ayambe kulawa n'kunena ngati vinyo ali bwino. Mainess zimenezo akanazidziwira kuti? Iye anaona chinthu chimene mayi ake akanathamangitsira munthu pabwalo ndi mthiko. Mwini mowa sakumwa, wophika waima pakhomo la khitchini akusuzumira, chakumwa chathiridwa munthu mmodzi. Ndipo fungo linamupeza ali pomwepo. Pansi pa kafungo ka zipatso panali palafini, palafini weniweni wa mu koloboyi.

Zala za Lastone zinali pa mwendo wa tambula. Mainess anaganiza zoigwetsa, koma mzungu akanangothira ina. Anaganiza zokuwa, koma ukuwe chiyani patebulo la munthu amene mawu ake ndiwo ntchito ya mwamuna wako? Anachita mantha, mantha enieni. Anaganiza za Febby, kuti mwana wa bambo wa pantchito amakula n'kuphunzira ngakhale mayi palibe, pomwe wa mayi wamasiye amabwerera ku Katete kukagwira khasu. Anatambasula dzanja, nalanda tambulayo, namwa kamodzi n'kamodzi.

Mkazi kulanda tambula ya mwamuna wake pamaso pa bwana, zimenezo ku Nangongwe akanaziimba mwezi wathunthu. Ba Goodwell anabweza mutu. Koma mzungu anaseka, kuseka kotsokomola, nati kwawo nakonso lilime la panyumba anali mayi ake, bambo ankangolima. Anaidzaza tambulayo, natenga inzake kuti athirire Lastone. Lastone anaiphimba ndi chikhatho, nafotokoza m'Chingerezi chosalala kuti iye pa Sabata samwa, akulu a mpingo akumuyang'anitsitsa masiku ano, madamu ndiwo amwere banja lonse. Linali bodza lamkunkhuniza, poti munthuyo Lamulungu lililonse njira yake yochokera ku tchalitchi inkadzera ku bala. Koma Mainess anamva chimwemwe. Wandimva, anatero mumtima, wapulumuka.

Mzungu anakhala pansi, nasendeza mpando. Anati dokotala anamuletsa ngakhale dontho, choncho vinyo wa bambo ake amumwera m'kamwa mwa wina.

"Madamu, kamba. Wamva chani?"

Munthu wodziwa kuti akufa alibe chifukwa chokometsera mawu. "Inunkha palafini," anatero Mainess.

Lastone anatsokomola, nayamba kumasulira zina, zoti madamu akuti n'zokoma kwambiri. Koma palafini safuna womasulira. Mzungu anamenya tebulo ndi chikhatho, nkhope kuwala, nati inde, ndi momwemo, mphesa za mtundu umenewo vinyo wake akakalamba amanunkha chotero. Mainess anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Chibadwire sanaonepo munthu wogwidwa akuvomera msanga chonchi.

Mzungu anamuuza kuti amwenso, pang'onopang'ono, asunge m'kamwa asanameze. Anamwa, poti cholowa chinali chitalowa kale. Vinyoyo anali wozizira, wopepuka ngati madzi, wowawasa mobaya, wosafanana n'komwe ndi wa ku Kabwe uja. Malovu anadzaza m'kamwa, mano anachita dzanzi.

"Iwawasa monga mango yosapya," anatero. "Koma kumbuyo kuli ka uchi pang'ono, kabisama. Ukameza, isala sileti. Ija ya ku sukulu, yamene tenze kupukuta na lilime."

Lastone anamasulira maso ali pansi, manyazi atamugwira kuti mkazi wake akuulula pamaso pa injiniya zoti ankanyambita sileti. Mzungu sanaseke. Anayamba kulankhula motsitsa. Anati munda wa bambo ake uli pa phiri la miyala yomweyo, ya sileti, pamwamba pa mtsinje wokhotakhota, potsetsereka moti wolima amadzimanga chingwe m'chiuno. Kumeneko dzuwa ndi mlendo, limabwera mochedwa n'kuchoka msanga, ndipo miyalayo ndiyo imasunga kutentha kwa masana n'kumafunditsa mitengo usiku. Mphesa zimapsa mwaulesi, amazithyola chisanu chitayamba kuluma zala. N'chifukwa chake vinyo wa kwawo salemera ngati wa maiko otentha, amene dzuwa limamudzaza shuga ndi ukali. Wawo ndi wowonda, wowawasa, fungo lake losadzionetsera, koma amakhala zaka zambiri osafa. Chaka cha botolo limenelo chinali chomaliza bambo ake kukwera phirilo.

Maso ake anali atanyowa. Mainess anamumvera chisoni, ndipo mumtima anamuchotsa pa mlandu. Mzunguyu analibe kanthu, anali munthu wodwala wolakalaka kwawo. Koma zimenezo sizinayeretse manja a ba Goodwell, amene tsopano analowa ndi nkhuku yootcha, natenga botolo lija linkapuma pa kabati. Lastone, mwaulemu wa munthu wophunzira, anatenga yekha tambula ina, naitambasulira kwa bwana kuti athiremo, kenaka naiika patsogolo pa mkazi wake.

Vinyo wachiwiriyu ndiye anamudabwitsa Mainess. Vinyo wofiira amayenera kukhala wakuda, koma uyu anali wongofiirira ngati madzi otsukira nyama, moti ankaona zala zake kuseri kwa tambula. Wina anapungulako n'kuthiramo madzi, nanga n'kutani. Atanunkhiza linamupeza fungo la dothi lonyowa ndi masamba owola, fungo limene iye ankalidziwa malo awiri okha, kutchire kozula bowa ndi kumanda pokumba nthawi ya dzinja. Pansi pa tambula panadikha tinthu takuda ngati fodya wopera. Umboni wina ankafunanso wotani?

Anayang'ana mwamuna wake. Lastone anali kalikiliki ndi ntchafu ya nkhuku, mpeni ndi foloko zikumuzemba. Mainess anamwa.

Chimene chinamupsetsa mtima n'chakuti zinali kukoma. Poyamba kunabwera kuwawasa kwa chidede, kenaka nthudza zakupsa, zija ankatola akapita kumudzi pa tchuthi, zotsekemera pang'ono koma zogwira nkhama. Vinyoyo sankakankha, ankalowa mwaulemu, ndipo atamezedwa kale pakhosi pankatsala kafungo ka utsi ndi bowa nthawi yaitali. Anamuuza mzungu zonsezi chimodzichimodzi, Lastone akutuluka thukuta kufunafuna Chingerezi cha nthudza. Mzungu anatseka maso akumvetsera, milomo ikuyenda ngati akumwa ndi iye. Anati mphesa zofiira za kwawo zili ndi khungu lopyapyala, dzuwa lake lochepalo silizidetsa, n'chifukwa chake mtundu wake ndi wotero, ndipo tinthu ta pansito ndi ukalamba chabe. Mainess anavomera ndi mutu. Chilichonse m'nyumba imeneyi chinali ndi yankho lake lokonzeka, ndipo zimenezo zinamukayikitsa koposa.

Tambula inadzazidwanso. Kutentha kunayambira pachifuwa n'kukwera m'makutu, milomo inalemera, miyendo inakana kumva, khoma linapendekeka pang'ono. Wayamba, anatero mumtima. Panalibe womuuza kuti munthu wozolowera munkoyo vinyo amamuyamba chomwecho. Anayang'ana Lastone, kolala imene anaisita yekha ndi makala, khosi lake lowondalo, ndipo anamukonda mpaka misozi inalengeza. Anafuna kumuuza kuti asadzamupezere Febby mayi wankhanza, koma mwamunayo anali pakati pa nkhani ya mapampu.

Mbale zitachotsedwa, anapempha kupita kuseri. Cholinga chake chinali choti akalowetse chala kukhosi, mwina Mulungu n'kumuchitira chifundo. Anatulukira khomo lakumbuyo akugwira zipupa, nalunjika pa nthochi zimene zinali kuseri kwa khitchini.

Kumeneko anapeza ba Goodwell atakhala pa chitini, mabotolo awiri aja ali pakati pa mapazi. Anali atakhuthulira zotsala zonse m'kapu yachitsulo, zoyera ndi zofiira pamodzi, ndi tinthu takuda tija tomwe. Mainess anaima kuseri kwa nthochi. Mkuluyo ananunkhiza, namwa, nakwinya nkhope ngati wameza kwinini, namwanso mpaka kapu inaloza kumwamba. Kenaka anapendeketsa botolo la wofiira pa lilime kudikira dontho lomaliza. Atamuona anadzidzimuka, nabisa kapu kumbuyo.

"Mayo, osakamba kuli bwana. Zaka zonse izi ninyowesa masaka, nenze kufuna chabe nizibe. Kansi ni vinega." Anapukuta pakamwa ndi kansalu kaja. "Imwe mwakwanisa shani matambula yonse yaja?"

Mainess anagwira tsinde la nthochi naseka. Anaseka mpaka anakhala pansi ndi diresi lake la ku tchalitchi, misozi ili mbwembwembwe, mkuluyo akumuyang'ana modabwa. Munthu woti wathira mankhwala m'botolo sangalinyambite chotero. Sankafa ayi, anali ataledzera, iye mwana wa mayi wofulula amene chibadwire sanaledzerepo. Moyo unamubwerera wonse nthawi imodzi, ndipo ngakhale utsi wa fakitale unaoneka wokongola.

Potsazikana Bwana Matiyasi anamugwira manja onse awiri, nati wamufikitsa kwawo ndeke isananyamuke. Kwa Lastone anati mawa alankhula ndi a ku Lusaka, asade nkhawa.

Anatuluka dzuwa litapendeka. Mainess anavula nsapato nazigwira m'manja, thupi lili pepuu, nkhani ya ba Goodwell ikumuyabwa pakamwa. Anafuna aisunge mpaka atadutsa nyumba za azungu, kuti akaseke momasuka awiriwiri, iye avomere kuti analakwa, mwamuna wake amunyoze mwachikondi za maganizo akumudzi. Koma atafika pamphambano Lastone sanatenge kanjira kodutsa njanji. Anakhotera ku msewu wa tala.

"Njila ya kunyumba ni iyi, bashi Febby."

"Tipitile ku kiliniki. Mumvela bwanji mumala? Maso yaona bwino?"

Mainess anayamba kuseka kuti amuuze, kenaka anaona nkhope yake. Munthuyo sankachita nthabwala. Ankamuyang'ana milomo, maso, kapumidwe, mantha ali poyera. Anasiya kuseka. Anamufunsa kuti za m'mimba akufunsiranji, poti dzulo lomweli anati zimenezo n'zakumudzi.

Lastone anayang'ana kunjanji. Ananena motsitsa kuti Loweruka m'mawa mnzake wa kuntchito anaona Gordon pakhomo la khitchini ya mzunguyo akunong'onezana ndi apongozi ake, ndipo anamuchenjeza kuti asamale. Madzulo aja anaseka dala, sanafune kumuopseza. Pamene vinyo anathiridwa dzanja lake linauma, anasowa chochita, ndipo Mainess ndiye anamupulumutsa. Anati mkazi wotere kulibe Kafue yense.

"Kansi munaziba," anatero Mainess.

"Nenze kuganizila chabe."

"Ija yoyamba ninatenga neka. Manje ija yofiila? Ndimwe munagwila tambula, ndimwe munaika pasogolo panga."

"Nanga sembe tinachita bwanji, amake Febby? Kukana tonse babili? Nchito sembe yayenda kuli Gordon."

Ananena mofatsa, ngati munthu wofotokoza chinthu chomveka, ndipo kufatsako ndiko kunamupweteka Mainess. Iye anamwa kuti mwamunayu akhale moyo, ndipo akanamwanso popanda womupempha. Chimene sanaganizepo n'chakuti mwamunayu, akukhulupirira zomwezo zimene iye ankakhulupirira, angakhale pambali pake n'kumalimbana ndi nkhuku, tambula ikudzazidwa kachiwiri. Mowa wonse unamuthera m'mutu. Anamva chisoni chachikulu, choposa mantha aja a patebulo, poti patebulo paja ankadziwa chimene akufera.

Nkhani ya ba Goodwell ndi kapu yawo inali pamilomo, mawu ochepa oti amuchotsere mwamunayo mantha onse. Anaimeza. Anawerama, navala nsapato zake, natembenukira kanjira ka ku Nangongwe.

"Ku kiliniki siniyenda."

"Manje ngati ni vazoona? Kambani, mumvela chani?"

"Siniziba," anatero Mainess osacheuka. "Vinangu vimachedwa kugwila. Muzaona mweka."

Anadutsa njanji, Lastone ali pambuyo, akumuyang'ana mayendedwe.